Mavalavu a Mtima: Majini Amawamanga Bwanji, Nanga Amalakwika Pati?

Tsiku lina ndikuphunzitsa Fomu 3 za pulesha, ndinapereka chitsanzo cha mjigo. Nonse mumaudziwa. Mukamapopa, madzi amakwera m'paipi koma sabwerera pansi, chifukwa m'kati muli mavalavu awiri amene amatsegukira mbali imodzi yokha. Valavu ya pansi ikatha, m'mawa mumapopa mpaka thukuta madzi asanatuluke, poti usiku wonse akhala akudontha kubwerera m'chitsime.

Nditanena kuti mtima nawonso ndi pampu yokhala ndi mavalavu, mtsikana wina kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, valavu ya mjigo amaipanga kufakitale. Nanga ya mtima amaipanga ndani?" Ndinayankha mwachangu kuti majini. Iye sanakhutire. "Ndiye majiniwo amadziwa bwanji malo oika valavu?" Belu linandipulumutsa tsikulo, koma ngongole ya yankho inatsala. Lero ndabwera kudzabweza.

Mwachidule yankho ndi ili: valavu ya mtima imamangidwa ndi majini amene amayatsidwa ndi kuzimitsidwa pa malo ake ndi pa nthawi yake, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zimawayatsa ndi kuyenda kwa magazi kwenikweniko. Apa ndiye pamene bayoloje imakumana ndi fizikisi.

Mavalavu anayi, ntchito imodzi

Mtima uli ndi zipinda zinayi: ziwiri zam'mwamba zotchedwa ma atrium, ndi ziwiri zam'munsi zotchedwa ma ventricle. Mavalavu nawonso alipo anayi. Kumanja, pakati pa atrium ndi ventricle, pali tricuspid. Kumanzere pali mitral, imene inapatsidwa dzinali chifukwa imafanana ndi chipewa cha bishopu. Awiri enawo ali potulukira: pulmonary imalondera njira yopita ku mapapo, ndipo aortic imalondera khomo la aorta, mtsempha waukulu wopititsa magazi m'thupi lonse.

Valavu iliyonse ili ndi tizitseko tofewa. Mitral ili ndi tiwiri, enawo ali ndi titatu titatu. Tizitseko ta valavu ya aortic n'topyapyala, osafika ngakhale milimita imodzi. Palibe mnofu umene umatikankha kuti titseguke. Pulesha ikakhala yaikulu kumbuyo kuposa kutsogolo, timatseguka. Ikatembenuka, timatsekeka. Phokoso limene mabuku amalemba kuti "lub-dub" limamveka pamene mavalavu akutsekeka: loyamba ndi la mitral ndi tricuspid, lachiwiri ndi la aortic ndi pulmonary.

Tsopano tengani kakyuleta. Mtima ukamagunda ka 70 pa mphindi, pa tsiku ndi 70 × 60 × 24, zomwe zikupereka 100,800. Pa zaka 70 ndi kopitirira 2.5 biliyoni. Mjigo amausintha labala pafupipafupi, koma mavalavu a anthu ambiri amagwira ntchito moyo wonse osapumako. Chinsinsi chake chili m'kamangidwe. Kachitseko kalikonse ka valavu ya aortic kali ndi magawo atatu osanjikizana: gawo la collagen lolimba ngati chingwe, gawo lapakati lofewa limene limamwa kugwedezeka, ndi gawo la elastin lotamuka ngati legeni, limene limabwezeretsa kachitsekoko m'malo mwake.

Majini ali ngati ma switch

Choyamba tigwirizane: majini amene ndikunena pano si aja a mizimu oopsezera ana ayi. Jini ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo, kawirikawiri opangira puloteni inayake. Munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, oyalidwa pa makromozomu 46, theka ochokera kwa mayi ndi theka kwa bambo.

Chodabwitsa n'chakuti selo la m'diso, selo la pakhungu ndi selo la valavu onse ali ndi majini ofanana. Nanga amasiyana bwanji? Ganizirani sukulu imene chipinda chilichonse chili ndi mawaya ndi mababu ofanana. Usiku wa pulepu amayatsa m'makalasi, nthawi yogona amayatsa ku hositelo. Mawaya ndi omwewo, kusiyana kuli pa ma switch. M'selo, ntchito ya switch imagwiridwa ndi mapuloteni otchedwa ma transcription factor. Iwowa amakakhala pa DNA pafupi ndi jini, n'kuiyatsa kapena kuizimitsa. Ndipo chimene chimawatuma ndi uthenga wochokera kunja kwa selo: mankhwala otulutsidwa ndi maselo oyandikana nalo, kukhudzana ndi selo linzake, ngakhalenso kukankhidwa kapena kukokedwa.

Choncho funso la mtsikana uja tingalifunse motere: ndi uthenga uti umene umayatsa majini a valavu, ndipo n'chifukwa chiyani umamveka pa malo ochepa okhawo?

Kuchokera ku kapaipi kufika ku valavu

Mtima ndi chiwalo choyamba kugwira ntchito. Umayamba kugunda cha pa tsiku la 22 mayi atatenga pakati, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera. Pamenepo mtima ulibe zipinda zinayi, ulibenso valavu. Ndi kapaipi chabe: kunja mnofu, m'kati mzere umodzi wa maselo oyala khoma, ndipo pakati pa ziwirizi pali zinthu zonanda ngati therere, zotchedwa cardiac jelly. Kunanda kumeneku kumachokera ku hyaluronan, chinthu chimene chimamwa madzi ambiri n'kufufuma.

M'sabata yachinayi ndi yachisanu, kapaipi kaja kamapindika, ndipo pa malo awiri zonanda zija zimatupa n'kupanga timitsamiro: pakati pa atrium ndi ventricle, komanso pa njira yotulukira magazi. Mabuku amatitcha ma endocardial cushion. Timitsamiro timeneti ndiye maziko a mavalavu onse anayi, ndipo timathandizanso kumanga makoma ogawa zipinda za mtima.

Kenako pamachitika chinthu chosangalatsa. Mnofu wa mtima pa malo amenewa umatulutsa puloteni yotchedwa BMP2, ngati kuimba belu. Maselo oyala khoma amene ali pafupi amamva belulo, ndipo amauzananso okhaokha kudzera mu puloteni ya NOTCH1, imene imakhala pa khungu la selo n'kuyamba kugwira ntchito selo linzake likaikhudza. Mauthengawa, pamodzi ndi wina wa TGF-beta, amayatsa jini yotchedwa Snail. Snail nayo imazimitsa jini yopanga guluu amene amamata maselo a khoma pamodzi. Guluu akachepa, maselo ena amachoka pa mzere, amasintha maonekedwe, n'kulowa m'kati mwa kamtsamiro. Mmenemo amachulukana n'kuyamba kupanga collagen ndi zinthu zina zomangira. Maselo oyala khoma la ventricle salandira mauthenga onsewa pamodzi, n'chifukwa chake iwo amangokhala phee pa mzere wawo. Ndi mmene valavu imadziwira malo ake.

Koma maselo onse akanati alowe m'kati, pamwamba pakanatsala popanda chophimba. Apa pamabwera NFATc1, transcription factor imene imasunga maselo ena pamwamba ndi kuthandiza kuti kamtsamiro kafupi, konenepa, katalike n'kupyapyala mpaka kusanduka kachitseko. Mu 1998 magulu awiri a ofufuza anaonetsa kuti mbewa zopanda jini ya NFATc1 sizipanga bwino mavalavu a aortic ndi pulmonary, ndipo zimafa zisanabadwe. Pofika sabata yachisanu ndi chitatu mtima wa munthu umakhala ndi zipinda zake zinayi, koma kusema ndi kusalaza tizitseko kumapitirira mpaka mwana atabadwa.

Magazi nawo amalankhula

Mwaona vuto limene mtima uli nalo? Mjigo amaumanga kaye, kenako n'kuyamba kupopa. Mtima umamangidwa uku ukupopa. Ndiye asayansi anadzifunsa: kodi magazi odutsawo amangodutsa, kapena ali ndi mbali pa ntchito yomangayi?

Madzi akamayenda amakwecha khoma limene akudutsapo, monga mmene mtsinje umakokera udzu wa m'mphepete kulowera kumene ukupita. Mu fizikisi mphamvu imeneyi timaitcha shear stress. Imakula pamene madzi akuthamanga pa malo opanikizika.

Pofuna kuyesa, ofufuza anagwiritsa ntchito zebrafish, kansomba kamizeremizere kochokera ku India ndi maiko oyandikana nalo. Tiana take timaonekera m'kati, moti mtima umaoneka ukugunda pa maikulosikopu. Mu 2003, Jay Hove ndi anzake ku Caltech, m'dziko la America, anaika timikanda tating'ono kwambiri polowera kapena potulukira magazi mumtima wa tinsombati kuti magazi asamayende. Majini sanawakhudze ngakhale pang'ono. Komabe mitima ija sinapindike bwino, ndipo mavalavu sanapangike moyenera.

Mu 2009, Julien Vermot ndi anzake anapeza zina. Valavu isanakhalepo, magazi pa malo opanikizika aja amapita kutsogolo n'kubwerera pang'ono, kutsogolo n'kubwereranso. Kubwererabwerera kumeneku kumayatsa jini yotchedwa klf2a m'maselo oyala khoma pamalopo, ndipo jiniyi ikasokonezedwa tizitseko timapangika molakwika. Taganizani bwino: kudontha kwa magazi, komwe ndi vuto limene valavu ikufunika kudzathetsa, n'komwenso kumauza maselo kuti valavu ikufunika pano. DNA ili ndi malangizo, eya, koma siigwira ntchito yokha ngati pulani ya nyumba yojambulidwa kale. Imamvetsera zimene zikuchitika pamalopo.

Tizitseko tiwiri m'malo mwa titatu

Ntchito ya masitepe ambiri chonchi ikhoza kuphonyeka penapake. Chilema chofala kwambiri cha mtima chobadwa nacho ndi valavu ya aortic yokhala ndi tizitseko tiwiri m'malo mwa titatu. Madokotala amaitcha bicuspid aortic valve. Imapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa 100 aliwonse, makamaka amuna. Pa sukulu ya ophunzira 600, n'kutheka kuti angapo ali nayo osadziwa, ndipo amathamanga ndi kusewera mpira bwinobwino. Vuto limakonda kuonekera munthu atakula, chifukwa valavu yotere imauma msanga.

Madokotala ankadziwa kuti chilemachi chimayenda m'mabanja, koma jini yake sinkadziwika. Mu 2005, Vidu Garg, Deepak Srivastava ndi anzawo ku Dallas, m'chigawo cha Texas, anafufuza banja lalikulu limene anthu 11 a mibadwo yosiyanasiyana anali ndi vuto la mtima, ambiri a iwo la valavu ya aortic. Anapeza kuti odwalawo anali ndi cholakwika mu jini ya NOTCH1, yomwe ili pa kromozomu 9. Aliyense wa ife ali ndi makope awiri a jiniyi. Mwa iwo kope imodzi inali yowonongeka, ndipo imodzi yotsalayo sinkakwanitsa ntchito yonse. Kholo lotere lili ndi mwayi wa theka wopatsira mwana aliyense kope yowonongekayo, ngati kuponya ndalama m'mwamba.

Anapezanso chifukwa chimene valavuyo imaumira. Maselo a m'kati mwa valavu ndi apachibale ndi maselo opanga chichereche ndi mafupa, ndipo amagwiritsa ntchito ma switch ena ofanana. Pali transcription factor yotchedwa RUNX2, kapitawo wa ntchito yopanga fupa. Mu valavu yathanzi, NOTCH1 imathandiza kupondereza RUNX2. Kuponderezako kukachepa, maselo a valavu amayamba kuchita ngati maselo a fupa, n'kumaunjika kashiamu pa tizitseko. Tizitseko tofewa tija timasanduka tolimba ngati chigoba cha dzira. Jini yomweyo imene inamanga valavu mwana ali m'mimba ndi imenenso imailondera munthu ali ndi imvi.

Koma chenjerani pa mayeso ndi m'moyo momwe: NOTCH1 imafotokoza gawo laling'ono chabe la anthu okhala ndi valavu ya tizitseko tiwiri. Mwa ambiri, majini angapo amathandizana, aliyense pang'onopang'ono.

Tiwerengetsere: valavu youma imatopetsa mtima motani?

Tsinani kukamwa kwa paipi yothiririra dimba, madzi amathamanga. Lamulo lake ndi A₁v₁ = A₂v₂: madzi ofanana akamadutsa pa khomo laling'ono, liwiro limakwera. Khomo la valavu ya aortic ya munthu wamkulu ndi masikweya sentimita 3 mpaka 4. Valavu ikauma kwambiri limatsika kufika pa 1 kapena kucheperapo. Khomo likachepa kanayi, liwiro limakwera kanayi.

Madokotala amayeza liwiroli ndi makina a echo, amene amatumiza mafunde a phokoso mumtima n'kumvetsera mmene abwerera. Magazi akamayenda, frequency ya mafunde obwerera imasintha, zomwe ndi Doppler effect, imene Christian Doppler anaifotokoza mu 1842. Kenako amagwiritsa ntchito lamulo la Bernoulli lofupikitsidwa: kusiyana kwa pulesha, mu mmHg, ndi 4v², pamene v ndi liwiro mu mamita pa sekondi. Liwiro likakhala 1, yankho ndi 4 mmHg, palibe vuto. Likafika 4, yankho ndi 4 × 16 = 64 mmHg. Ndiye kuti pofuna kuti mu aorta mukhale 120 mmHg, ventricle iyenera kukankha mpaka cha m'ma 184, ulendo uliwonse, ka 100,000 pa tsiku. Mnofu wa mtima umakhuthala, kenako umatopa. Munthu amayamba befu, kupweteka pachifuwa, mwinanso kukomoka akamagwira ntchito yolemetsa. Magazi othamanga chonchi amavunduka, ndipo kuvundukako kumapanga kaphokoso kamene dokotala amakamva akaika stethoscope pachifuwa.

Njira zina zolakwikira

Nthawi zina ma switch ali bwino koma zomangira ndi zimene zili ndi vuto. Pa matenda a Marfan, amene anatchedwa dzina la dokotala wa ku France Antoine Marfan yemwe anafotokoza za mwana wina wodwala mu 1896, cholakwika chili mu jini ya FBN1 pa kromozomu 15. Jiniyi inadziwika mu 1991. Imapanga fibrillin-1, ulusi umene elastin amayalidwapo, womwenso umamanga TGF-beta kuti asachuluke mphamvu. Ulusiwu ukafooka, tizitseko ta mitral timatalika n'kukhala lende, ndipo aorta imatha kufufuma. Matendawa amagwira munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 5,000.

Nthawi zina vuto ndi kuchuluka. Mwana wa Down syndrome ali ndi makope atatu a kromozomu 21 m'malo mwa awiri. Pafupifupi theka la ana amenewa amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo lofala mwa iwo ndi loti timitsamiro tija sitinalumikizane bwino, moti pakati pa mtima pamatsala bowo ndipo mitral ndi tricuspid sizisiyana bwinobwino. N'chifukwa chake mwana wotere amafunika kuyezedwa mtima akangobadwa.

Palinso zochokera kunja zimene zingasokoneze ma switch m'masabata oyambirira aja: matenda a rubella, shuga wosasamalidwa, mowa, ndi mankhwala ena. Koma nthawi zambiri mwana akabadwa ndi vuto la valavu, palibe chimene mayi ake analakwa, ndipo palibe amene anamulodza.

Kwathu kuno mdani wamkulu ndi zilonda zapakhosi

Mungaganize kuti matenda onse a valavu ndi akumtundu. Ayi ndithu. Ku Malawi ndi maiko ambiri a mu Africa, chimene chimawononga kwambiri mavalavu a ana ndi achinyamata ndi rheumatic heart disease. Valavu inamangidwa bwinobwino, koma imadzawonongeka pambuyo pake.

Zimayamba ndi zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi bakiteriya wa group A Streptococcus. Chitetezo cha m'thupi chimalimbana naye, koma mapuloteni ena a bakiteriyayu amafanana ndi a mumtima. Mwa ana ena chitetezo chimasokonezeka n'kuyamba kumenya thupi lomwe. Pakapita masabata awiri kapena atatu mwana amatentha thupi, mfundo monga mawondo ndi akakolo zimatupa n'kumapweteka mosinthanasinthana, ndipo mavalavu, makamaka mitral, amatupa. Zikachitika mobwerezabwereza, valavu imachita zipsera: imadontha ngati ya mjigo uja, kapena imapanikizika. Kafukufuku wa ku Lilongwe wofalitsidwa mu 2016 anayeza ana oposa 1,000 ndi makina a echo, ndipo pafupifupi atatu pa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro zoyambirira za matendawa.

Majini ali ndi mbali yake panonso, chifukwa si mwana aliyense wodwala pakhosi amene amafika pamenepa, ndipo ofufuza apeza kuti kusiyana kwa majini a chitetezo cha m'thupi kumakhudza chiopsezochi. Koma popanda bakiteriya matendawa sayamba, ndipo bakiteriyayu amafa ndi penicillin. Amafala mosavuta pamene anthu agona mothithikana, monga m'mahositelo. Choncho pakhosi pakamapweteka ndipo thupi latentha, pitani kuchipatala, osangomwa panado n'kugona. Mukapatsidwa mankhwala, malizani onse. Amene anadwalapo kale amabayidwa jakisoni wa penicillin masabata atatu kapena anayi aliwonse kwa zaka zambiri. Ngati muli ndi mnzanu wotere, mukumbutseni tsiku lake, osamuseka.

N'chifukwa chiyani tikuvutika kuphunzira ma switch?

Valavu ikawonongekeratu, amaisintha. Mu 1960, ku Portland m'chigawo cha Oregon, dokotala wa opaleshoni Albert Starr anaika mwa wodwala valavu yopanga ya kampira kotsekeredwa m'kakhola, imene anaikonza pamodzi ndi Lowell Edwards, injiniya wopuma pa ntchito yemwe ankadziwa bwino za mapampu. Kuyambira pamenepo mavalavu opanga apulumutsa anthu ochuluka. Komabe ali ndi malire. Achitsulo amafuna kuti munthu azimwa mankhwala oletsa magazi kuundana moyo wake wonse. Opangidwa kuchokera ku ng'ombe kapena nkhumba amatha pakapita zaka. Ndipo onsewa sakula, choncho mwana akamakula amafunikanso opaleshoni ina.

Mpaka pano palibe mankhwala amene atsimikizika kuti amaimitsa kuuma kwa valavu ya aortic. Ofufuza akuyembekeza kuti akamvetsa bwino ma switch monga NOTCH1 ndi RUNX2, adzatha kuletsa maselo a valavu kusanduka a fupa, mwinanso kumeretsa valavu yamoyo yokula limodzi ndi mwana. Ntchito imeneyi imafuna wodziwa majini komanso wodziwa kayendedwe ka madzi m'mapaipi.

Nayi ntchito yakunyumba. Wodwala wina makina a echo aonetsa kuti magazi akudutsa pa valavu yake ya aortic pa liwiro la mamita 3 pa sekondi. Pezani kusiyana kwa pulesha. Kenako gwirani pa mkono wanu, muwerenge kugunda kwa mphindi imodzi, ndipo muwerengetsere kuti mavalavu anu atsekeka kangati chibadwireni. Mayankho tidzaonera limodzi m'kalasi.